Mapazi a Talandira

Aliyense amene anadutsapo pa Madisi anawaonapo a Elifala, ngakhale dzina lawo sakulidziwa. Ndi bambo aja okhala pakhonde la golosale yoyang'anana ndi siteji ya minibasi, timisomali tili pakamwa, nsapato za eni zitaunjikana pambali pa benchi. Ukawapatsa moni sakuyang'ana kumaso. Maso awo amayamba atsikira kumapazi ako, ndipo akakhutira ndi zimene aona kumeneko m'pamene amayankha kuti ali bwino, kaya iwe. Poyamba zinkandinyansa, mpaka tsiku lina ndinawauza kuti nkhope yanga ili kumtunda kuno. Iwo anati nkhope imanama, koma chidendene cha nsapato yanga yakumanzere chikuwauza kuti ndimayendetsa galimoto ya kilatchi yolimba. Sanalakwitse, ndipo n'zimene zinandinyansa kwambiri.

Ine ndine Nedson, kwathu ndi kwa Dzoole, ndimayendetsa pikapu ya matola. Chaka chilichonse mu Julaye, ndikamapita kukatenga soya kumapiri a Ntchisi, a Elifala ankatseka benchi lawo n'kukwera nane. Ankatsikira pa nyumba ina ya mpingo yolererako ana amasiye ndi nkhalamba zosowa wozisamala. Anthu a kumeneko amangoti kwa a Manesi, potengera dzina la mayi amene akhala akuiyang'anira chiyambire.

Ntchito yawo kumeneko inali ya ulele, ndipo anali ndi kagwiridwe kawokawo. Mwana aliyense ankaponda pa chidutswa cha katoni, iwo n'kuzunguliza pensulo m'mbali mwa phazi, n'kulemba dzina ndi chaka pakati pake. Akabwerera ku Madisi ankayenda ndi makatoniwo mu kaunjika, kusaka nsapato zakufa zoti azidzutse. Zina ankazimata soli ya tayala, zina ankangozisoka, kenaka n'kundipatsira thumba lonse sukulu zisanatsegulidwe. Akamaliza, makatoniwo ankasonkhera mbaula.

Zaka zisanu ndi zitatu ine ndinkangowatula pachipata, pobwerera n'kuimba hutala mpaka atuluke. Sindinalowepo. Malo otere sindiwakonda, chifukwa ana amakuyang'ana ngati wabwera kudzawatenga, ndipo ine mtima wanga suchedwa kusungunuka, ndiye ndimaubisa ndi ukali.

Chaka chatha anandidabwitsa. Linali Loweruka m'mawa, kuzizira koluma makutu, ndipo ndinawapeza pasiteji atavala jekete ndi tayi. Nsapato zawo, zimene masiku onse zimakhala zoyasamula ngati za amisiri anzawo onse, zinali zosokedwa ndi zopolishidwa. Pamiyendo anafungatira phukusi lokulungidwa m'chitenje chakale. Ndinawafunsa ngati apeza mbeta kuphiriko pa ukalamba uno. Sanaseke.

Titapatuka pa Mponela chifunga chinatitsekera. Zigafa za fodya zopanda kanthu zinkatulukira m'mbali mwa msewu n'kusowanso. Ngolo ina tinaimva mabelu a ng'ombe zake kwa nthawi yaitali tisanaione, ndipo itatulukira, mwini wake anali atafunda bulangete mpaka kumutu, chete, ngati akuyenda ali m'tulo. Mapiri ankangooneka nsonga zokha, zikuyandama pamwamba pa kuyera konseko. Ndinkayenda pang'onopang'ono, nyale zili zoyaka, ndipo mwina chifukwa choti panalibe wotiona, a Elifala anayamba kulankhula.

Anandiuza za njala ya 2002. Nthawi imeneyo anali mlimi m'mudzi wina kuseri kwa mapiri omwewa, ndipo anali ndi mlongo mmodzi yekha, Lidia. Mwamuna wa Lidia anapita kukasaka ganyu, osabwereranso. Anadya gaga, gaga atatha anadya zitsa za nthochi, ndipo mu Febuluwale Lidia anamwalira, n'kusiya khanda lalikazi la miyezi isanu ndi itatu, dzina lake Lonjezo. Kwathu kuno mwana wa mlongo wako ndi wako kuposa wobala wekha, iwe ndiwe mwini mbumba, ndipo mwini mbumba sapereka mwana kwa alendo. Koma m'nyumba munalibe ngakhale ufa wa phala. Anamangirira timikanda titatu tofiira ta amayi ake padzanja la mwanayo, n'kuyenda naye wapansi mpaka kwa a Manesi. Kumeneko ananama kuti amutola panjira, ndipo dzina lawo sanatchule. Kumudzi anakanena kuti mwana watengedwa ndi akuchimuna. Atatero anathawira ku Kasungu, kukalowa utenanti pa esiteti ya fodya.

Patapita zaka zitatu anabwerera, ataphunzira kusoka nsapato, ndipo anakagogoda kwa a Manesi ngati mmisiri wongofuna kuthandiza. Ankadziwa kuti dzina la mwanayo linasinthidwa. Timikanda tija sanatione padzanja la mwana aliyense. Koma ana akuponda pa katoni mmodzimmodzi, panabwera kamtsikana kena ka zaka ngati zinayi, dzina lake Talandira, kamene kachala kake kakang'ono ka kuphazi lamanja kanali kokwera pamwamba pa kanzake. Lidia anali ndi chala chotero. Amayi awo analinso nacho.

"Linali phazi la kwathu, a Nedson," anatero. "Ndinalidziwa ndisanamalize kulijambula."

Ndinawafunsa ngati anafunsapo a Manesi. Anati akanafunsa bwanji osadziulula, ndipo phazi linali litayankha kale. Makatoni a ana ena onse ankawotcha, koma a Talandira ankasunga pansi pa matiresi. Ndiwo anali m'phukusi lija.

Tsopano Talandira anali atakula, akuphunzitsa sukulu ya mkombaphala pa nyumba yomweyo, ndipo mnyamata wina wa kwa Dzoole, kalipentala, ankafuna kumukwatira. Vuto linali pa malume a mnyamatayo, a Festus. Amenewo ndikuwadziwa bwino, mlimi wa fodya wosamva za munthu, amene akati ayi ngakhale abusa amangotola chipewa chawo. A Festus anali atanena kuti sangafunsire mbeta kwa komiti ya mpingo. Ankafuna nkhoswe, munthu wa mtsikanayo weniweni, woti banja likadzagwedezeka kapena matenda akadzagwa adzadziwe khomo lokagogoda. Anati akulu a mpingo amasamuka, ndipo a Manesi ndi okalamba. Analonjeza kubwera Loweruka limeneli komaliza, ndipo akapanda kupeza munthu wotero, nkhani ithere pomwepo. Talandira analemba zonsezi m'kakalata kopempha a Elifala kuti amusakire nsapato zoyera, ngati ukwatiwo ungadzachitike n'komwe.

Ndiye a Elifala ankapita kukadziulula. Mantha awo anali akuti mwanayo akamva kuti malume ake enieni anamutaya, n'kumabwera zaka makumi awiri osanena kanthu, adzawalavulira. Titafika pachipata anagwira chitseko cha galimoto osatsika, n'kundipempha kuti ndiwaperekeze. Ndinadandaula za soya wanga, koma ndinazimitsa injini.

M'katimo munali nyumba zitatu za njerwa zootcha, khitchini yofuka utsi, ndi dimba la mpiru kumunsi. Nkhalamba zinali zitandanda kukhoma la kum'mawa, kudikira dzuwa limene linali lisanaboole chifunga. Mkulu wina wosaona ankapota chingwe cha khonje pantchafu, ndipo tikudutsa anatchula dzina la a Elifala pongomva mayendedwe. Kwinakwake ana ankaphunzira nyimbo ya Lamulungu, koma sitinkawaona, mawu okha ndiwo ankabwera n'kupita ndi mphepo. Fungo la utsi wa nkhuni zonyowa linandikumbutsa kwa amayi anga, ndipo ndinamva chisoni chimene sindinachiitane.

A Manesi anatilandirira m'kachipinda kokhala ndi tebulo limodzi ndi kabati. Ndi mayi wamfupi, wa duku loyera, magalasi awo omangidwa ndi ulusi mbali imodzi. A Elifala anakana mpando, anakhala pansi, n'kufotokoza zonse zimene anandiuza m'galimoto, maso ali pa silipasi za a Manesi. Mayiwo anamvetsera mpaka kumapeto osawadula. Kenaka anati anawazindikira kuti ndi amene anadzasiya khanda lija tsiku lomwe anabwera ndi bokosi la zida zawo, chifukwa munthu wotola mwana panjira sakhala pakhonde ola lathunthu akumutenthetsa mapazi m'manja asanamupereke.

Anatsegula kabati n'kutulutsa chitini cha mabisiketi. Anafotokoza kuti masiku amenewo amayi a mpingo ankadula chingwe chilichonse chimene khanda labwera nacho, poopa kuti ndi zithumwa, n'kuponya pamoto. Iwo ankadula nawo, koma mtima sunkawalola kuwotcha, choncho ankabisa m'chitinimo, chilichonse ndi kapepala kake. Anafufuza pang'ono, n'kuika m'dzanja la a Elifala timikanda titatu tofiira.

"Bambo, mwana wanu tinamutcha Magdalena," anatero. "Anakhala nafe masabata atatu. Anafika mochedwa, thupi linali litakana kale chakudya. Talandira tinamupeza pakhomo la tchalitchi mwezi wotsatira, ndipo mpaka lero sitikudziwa kwawo."

A Elifala sanalire. Ankangotembenuza timikandato ndi chala, kamodzikamodzi. Amene anapsa mtima ndi ine. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, ndipo madalawa analidyadi, koma mayiwa ankaona munthu akudya phula zaka makumi awiri osamuletsa. Ndinawafunsa mosasankha mawu kuti chikhristu chake n'chiti chimenecho. A Manesi sanadziteteze. Anavomera kuti analakwa, ndipo anati chaka chilichonse ankakonzeka kunena, koma akaona kamtsikanako kakuthamangira kuchipata kukalandira bokosi la zida, ankalephera.

"Ndinaona mwana wopanda munthu, ndi munthu wopanda mwana," anatero. "Ndinachita mantha kuwalekanitsa. Mundikhululukire."

Anatitengera kuseri kwa dimba, pansi pa mitengo ya masuku, pamene mpingo unaika ana a chaka chimenecho. Timitumbira tinali titaphwa kale, pangotsala miyala yopakidwa laimu, khumi ndi umodzi. A Manesi analoza wachinayi. A Elifala anavula nsapato zawo zopolishidwa zija n'kukhala pa udzu wonyowa, ndi jekete lomwe. Madontho ankagwa kuchokera m'masamba ngakhale mvula kunalibe. Patapita nthawi anati phazi la Lonjezo linkakwana m'chikhatho chawo, ndipo sakukumbukanso ngati kachala kake kanali kokwera kapena ayi. Ine ndinayang'ana kuphiri, chifukwa maso anga anali atayamba zawo zija.

Ndinaganiza kuti ulendo wathera pamenepo, ndipo ndinawanong'oneza kuti tiyeni tizipita alendo asanafike. Anadzuka, anavala nsapato, koma tikudutsa pakhonde la sukulu ya mkombaphala tinakumana ndi Talandira. Ndi mtsikana wamtali, wa mawu otsika, choko chili m'manja ndi patsaya. Anagwada kupereka moni kwa agogo a nsapato, monga ana onse pamenepo amawatchulira, n'kuseka tayi yawo. Asanauzidwe anali atabwera kale ndi chidutswa cha katoni, wavula nsapato yakumanja, waponda. Phazi lake linasiya kukula kalekale, koma mwambo wawo unali womwewo chaka ndi chaka.

A Elifala anagwada n'kutulutsa pensulo. Akuzunguliza anamuuza zonse, mwachidule, osakometsera: za Lidia, za bodza lawo, za kachala, ndi za mwala wachinayi pansi pa masuku. Anati anabwera lero kudzanena kuti ndi malume ake, koma apeza kuti si iwo, ndipo sangamunamize. Talandira anaima chilili, phazi lili pa katoni. Ndinkadikira kuti akalipe kapena athawe. Iye anafunsa funso limodzi lokha, motsitsa mawu.

"Ndiye chaka chamawa simubweranso?"

Pensulo inaima pachidendene. Nthawi yomweyo tinamva njinga yamoto pachipata.

A Festus anafika ndi mng'ono wawo, atavala chikhoti chachitali ndi chipewa. Mphasa zinayalidwa pabwalo, a Manesi ndi akulu a mpingo awiri anakhala mbali imodzi, alendo mbali inayo. Ine ndinakhala kumapeto ngati munthu wongodikira pasenjala wake. Moni atatha, a Festus sanazungulire. Anati mtsikanayo alibe naye chifukwa, ndi waulemu, koma chibale ndi fupa sichiola, pamene komiti imasankhidwa zaka zitatu zilizonse. Anafunsa ngati mwini mbumba wapezeka. Akulu a mpingo anayang'anana. A Manesi anaweramitsa mutu.

Pamenepo a Elifala anatulukira kuchokera kukhonde, mawondo a buluku ali onyowa, phukusi lili m'khwapa. Anapempha malo, anagwada kumapeto kwa bwalo n'kumasula chitenje. Anatenga katoni yoyamba, kaphazi kosaposa chikhatho changa, kolembedwa Talandira 2005, n'kuiika pansi. Anasendera pang'ono n'kuika yachiwiri, kenaka yachitatu. Ankayenda chogwada, kuyala imodzi imodzi, ndipo palibe anawafunsa chimene akuchita. Chifunga chinali chitayamba kung'ambika, dzuwa lofooka likugwa pabwalo, ndipo tonse tinaona mapazi a mwana akuchokera kuchipata, akukula pang'onopang'ono, kachala kokwera kali pa lililonse, kubwera mpaka pamphepete pa mphasa ya alendo. Yomaliza inali ya tsiku lomwelo, yosatseka bwino pachidendene. Ngakhale ana oimba aja anali atasiya, ataunjikana pawindo.

A Festus anafunsa kuti bamboyu ndi ndani wake wa mtsikanayo.

"Magazi si anga, sindikunamizani," anatero a Elifala. "Mpaka m'mawa uno ndimayesa ndi anga. Mwana wa mlongo wanga ndinamutaya pano chaka cha njala, ndipo ali apo pansi pa masuku. Koma inu mukufuna munthu woti mukamuitana abwere. Uyu sanandiitanepo, ndipo ndabwera kamakumi awiri. Khomo langa lili pa Madisi, moyang'anana ndi siteji. Sindisamuka."

A Festus anadzuka. Ndinati basi, akukakwera njinga yawo. Koma anayenda m'mbali mwa makatoniwo, manja ali kumbuyo monga amayendera m'munda wa fodya, akuwerenga zaka, osaponda ngakhale imodzi. Pa ya 2013 anaima n'kufunsa chifukwa chake mzere wake ndi wokhotakhota. A Elifala anati chaka chimenecho anathyoka dzanja lamanja pa ngozi ya njinga, ndiye anajambula ndi lamanzere. A Festus anakafika kuchipata, anabwerera, anakhala pamphasa n'kuvula chipewa. Anati iwo ali ndi abale a magazi amene sanapondepo pakhomo pawo chimwalirire amayi awo. Atatero anatembenukira kwa a Elifala, anaomba m'manja mwaulemu, n'kuyamba mawu aja amene amayambira aliyense wodzafunsira mbeta, akuti tambala wawo waona msoti pakhomo pano.

Mwambo umafuna kuti mwini mbumba aitane mtsikana n'kumufunsa ngati alendowo akuwadziwa. A Elifala anachita kukumbutsidwa ndi a Manesi. Anaitana, ndipo Talandira anatuluka, nsapato imodzi ili kuphazi, inayo ataiiwala pakhonde. Anagwada pafupi ndi katoni yomaliza. Kwathu kuno malume timati atsibweni, ndipo ndi mawu amene mtsikanayu anali asanaitanirepo munthu chibadwire.

"Ndikuwadziwa, atsibweni," anatero.

Zaka zonse zimene ndawadziwa a Elifala, sindinawaonepo akuyang'ana munthu kumaso. Tsiku limenelo anadzutsa mutu, timikanda tija atatifumbata m'dzanja, n'kumuyang'ana Talandira kwa nthawi yaitali ndithu, mpaka a Festus anatsokomola kuti nkhani ipitirire.

Soya sindinakatenge tsiku limenelo. Pobwerera anandiuza kuti mwanayo ali ndi kachipsera pamwamba pa diso lamanzere, ndipo anandifunsa ngati ine ndinali nditakaonapo.